Si chifuwa chonse chimene chimayambira m'mapapo

Miyezi ya Juni ndi Julayi ikafika, kuzizira kukatsika m'mapiri a Angónia, Tsangano ndi Macanga, palibe mudzi umene umagona osamva munthu akutsokomola. Chifuwa chambiri cha nyengo imeneyi chimabwera ndi chimfine ndipo chimatha pasabata imodzi kapena ziwiri. Koma chilipo chifuwa china chimene chimakana kuchoka. Dzinja limafika chikadalipo, chimanga chimalowa m'nkhokwe chikadalipo. Mwini wake amakhala atamwa makapisozi a pamsika, atafukiza masamba, atatemera mphini pachifuwa, mwinanso atagulitsa mbuzi kuti apeze ndalama yoyendera, koma usiku uliwonse amadzukabe n'kukhala tsonga, akutsokomola mpaka misozi.

Zifukwa za chifuwa chotere ndi zingapo, ndipo chimodzi mwa izo sichitchulidwa kawirikawiri m'midzi ngakhale pa mzere wa kuchipatala. Chifukwa chimenechi ndi chilungulira. Anthu ambiri amachidziwa ngati moto wa pamtima umene umabwera munthu akadya mbatata kapena nyemba, ndipo amachiyesa chinthu chopepuka chongofuna kumwera madzi. Ochepa okha ndiwo amadziwa kuti chilungulira chikakhazikika chingathe kusasitsa mawu, kutsokomoletsa miyezi yambiri, kuutsa mphumu, ndiponso nthawi zina kudwalitsa mapapo enieniwo. Nkhaniyi ndi yofunika kuti imveke, pakuti kusaidziwa kukutayitsa mabanja ndalama, ndipo kuimva molakwika kungathe kutayitsa moyo.

Mmene zimachitikira

M'chifu cha munthu aliyense muli madzi owawasa kwambiri, amene a zaumoyo amawatcha asidi. Ntchito yake ndi kugaya chakudya ndi kupha tizilombo tolowa ndi chakudyacho. Chifu chinapangidwa kuti chizipirira madzi amenewa, koma mmero ayi. N'chifukwa chake pamene mmero umalumikizana ndi chifu pali mnofu wozungulira umene umagwira ntchito ngati chingwe chomangira kukamwa kwa thumba. Chakudya chikamatsika mnofuwo umamasuka, chikadutsa umamanganso. Ukafooka, kapena mimba ikadzaza ndi kupanikizika, madzi owawasa aja amabwerera m'mwamba n'kuwotcha mmero. Moto umene munthu amaumva kuseri kwa fupa la pachifuwa ndi umenewo. Mtima weniweniwo sukhudzidwa, ngakhale anthu amati kutentha pamtima.

Pakhosi pamakumana njira ziwiri, ya chakudya kumbuyo ndi ya mpweya kutsogolo, ndipo makomo ake ali moyandikana. Apa ndipo pagona nkhani. Madzi a m'chifu akakwera mpaka kukhosi, makamaka munthu ali mtulo, timadontho tating'ono timatha kugwera pa kholingo ndi kulowa m'njira ya mpweya. Minofu ya pamenepo ndi yanthete, kotero kuti imatupa msanga, ndipo thupi limayankha ndi kutsokomola. Njira yachiwiri ndi ya mitsempha. Mmero ndi mapapo zimalamulidwa ndi mtsempha umodzi waukulu wochokera ku ubongo, choncho asidi akangopsereza kumunsi kwa mmero, uthenga umafika ku mapapo kuti atsokomole kapena afinye tinjira ta mpweya, ngakhale palibe dontho limene lalowamo. Ndiponso kutsokomola komweko kumafinya mimba n'kukankhira madzi ena m'mwamba, motero vutolo limadzidyetsa lokha.

Zizindikiro zake zimadziwika munthu akazilondola modekha. Chifuwa chake nthawi zambiri chimakhala chouma, chopanda makhololo ochuluka. Chimakula munthu akangotha kudya, akawerama ndi khasu m'munda, kapena akangogona pansi. Ena amadzidzimuka pakati pa usiku atapaliridwa, mkamwa muli madzi owawasa kapena owawa ngati ndulu. M'mawa mawu amakhala osasa ngati a munthu amene wachezera kuimba pamaliro, kenaka amayera dzuwa likakwera. Ena amangokhalira kukhosomola pang'onopang'ono kuti ayeretse kukhosi, kapena amamva ngati pakhosi paima kanthu kamene sikatsika ngakhale amwe madzi. Kugeya pafupipafupi, fungo la mkamwa ndi kuperepeseka kwa mano a mkati zimatha kutsagana nazo.

Chovuta ndi chakuti anthu ena amakhala ndi chifuwa ndi kusasa mawu kokhakokha, moto wa pamtima osaumva konse. Otere ndiwo amazungulira kwambiri, chifukwa palibe chimene chimawaganizitsa za m'mimba.

Odwala mphumu ayenera kuimvetsa bwino nkhaniyi. Chilungulira chimapezeka kawirikawiri mwa anthu a mphumu, ndipo ziwirizi zimakokerana. Kubanika kumakoka madzi a m'chifu kuti akwere, ndipo madziwo akakwera amawonjezera kubanika. Munthu amene mphumu yake imauka usiku atadya kwambiri, kapena imene yayamba iye ali wamkulu kale pamodzi ndi moto wa pamtima, ayenera kuwauza a chipatala zonse ziwiri. Koma asasiye mankhwala opopera mkamwa poganiza kuti mapiritsi a m'mimba alowa m'malo mwake. Kafukufuku amene anachitika ku America n'kusindikizidwa m'chaka cha 2009 anapeza kuti mankhwala ochepetsa asidi sanathandize mphumu ya anthu amene sankamva chilungulira. Mphumu imafuna mankhwala ake.

Ngozi yaikulu imabwera pamene zam'mimba zalowa m'mapapo zambiri nthawi imodzi. Zimenezi zimayambitsa chibayo choopsa. Zimachitikira kwambiri munthu amene waledzera kachasu n'kugona chagada, wodwala khunyu pamene wagwa, nkhalamba imene inafa ziwalo ndipo imavutika kumeza, kapena wodwala amene akumwetsedwa phala ali chigonere. Woledzera kapena wokomoka agonekedwe chammbali, nkhope yoloza pansi pang'ono, ndipo asasiyidwe yekha. Wodwala adyetsedwe atakhazikidwa tsonga, ndipo akhale choncho kanthawi akatha kudya. Izi sizilira ndalama koma zimapulumutsa moyo.

Choyamba ndi kuyezetsa makhololo

Pano pafunika kunena mosapita m'mbali. Munthu asamve za chilungulira n'kudziweruza yekha kuti chifuwa chake ndi cha m'mimba. Mozambique ili m'gulu la maiko 30 amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati ali ndi chifuwa chachikulu chochuluka koposa. Lamulo la a zaumoyo ndi lodziwika: aliyense amene watsokomola masabata awiri kapena kupitirira apite akapereke makhololo. Amene ali ndi kachilombo ka HIV asadikire n'komwe masabata awiriwo. Kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda ndi magazi m'makhololo ndi zizindikiro zimene chilungulira sichibweretsa. Makina a GeneXpert, amene anavomerezedwa mu 2010, amapeza kachilombo ka chifuwa chachikulu m'maola ochepa, ndipo zipatala zazing'ono zimene zilibe makinawa zimatumiza makhololo kumene aliko. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo ambiri amachira akamwa miyezi 6 mosadumphitsa. Munthu amene amamwa soda kunyumba pamene ali ndi chifuwa chachikulu akupatsira ana ake amene amagona nawo nyumba imodzi.

Vuto lina limayamba pamene makhololo apezeka abwino. Ambiri amabwerera kumudzi ali ndi mawu akuti kuchipatala sanapeze kanthu, ndipo apa ndi pamene maula ndi kulozana zala zimayambira. Koma kusapezeka kwa chifuwa chachikulu sikutanthauza kuti matenda palibe. Chifuwa chimene chapitirira masabata 8 chili ndi zifukwa zodziwika. Pali mphumu. Pali mamina otsikira kukhosi kuchokera kumbuyo kwa mphuno. Pali utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera, umene amayi amaupuma tsiku ndi tsiku. Pali fodya, kaya wa chingambwe kaya wa m'sitolo. Pali fumbi la m'migodi kwa amene anagwirako ntchito ku Moatize kapena ku Joni. Pali mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi monga enalapril ndi captopril, amene amatsokomoletsa anthu ena chifuwa chouma, ndipo namwino angathe kuwasintha. Ndipo pali chilungulira. Wodwala abwererenso kuchipatala n'kufotokoza zonse: nthawi imene chifuwa chimamugwira, chimene amadya usiku, mankhwala amene akumwa, ndi moto wa pamtima ngati ulipo. Ngati akuwondabe kapena kutentha thupi, ayezedwenso, ajambulidwenso chifuwa, pakuti kuyeza kamodzi kumatha kuphonya. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Anthu a m'malire ali ndi chizolowezi chopita mbali imene ili pafupi, lero ku Ulónguè kapena ku Furancungo, mawa ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza. Palibe cholakwa pofuna thandizo kumene lili pafupi. Cholakwika ndi kusiya mapepala kunyumba. Dotolo wa tsidya lino sangalote zimene anayeza mnzake wa tsidya lija, choncho amayambiranso pachiyambi, ndipo wodwala amapatsidwa mankhwala omwe aja kachiwiri ndi kachitatu. Khadi ndi timapepala tonse ta kuchipatala ziziyenda ndi mwini wake.

Za pamsika ndi za kukhitchini

M'misika ya m'malire monga ya ku Calómuè, Biri-Biri ndi Zóbuè mapiritsi amagulitsidwa pamodzi ndi sopo ndi mchere. Munthu wa chifuwa amagula makapisozi anayi kapena asanu a amoxicillin, n'kumwa masiku awiri. Makapisozi amenewa ndi opha tizilombo, ndipo chilungulira chilibe kachilombo. Ndalama imapita pachabe, ndipo tizilombo ta m'thupi timazolowera mankhwalawo, kotero kuti tsiku limene chibayo chenicheni chidzabwere adzakhala opanda mphamvu. Ena akamva kupweteka pachifuwa amagula ibuprofen, diclofenac kapena aspirin. Amenewa amakanda chifu ndi mmero, angathe kuyambitsa zilonda za m'mimba, ndipo kwa anthu ena amautsa mphumu. Kumwa amenewa pofuna kuzima chilungulira kuli ngati kuthira parafini pamoto.

Soda wophikira therere ndiye mankhwala a m'nyumba zambiri. N'zoona kuti amaziziritsa moto kwa kanthawi. Koma amatulutsa mpweya m'chifu umene umatupitsa mimba n'kukankhanso madzi aja m'mwamba, ndiponso ali ndi mchere wambiri umene suyenera munthu wa kuthamanga kwa magazi, wa mtima, wa impso, kapena mayi woyembekezera. Munthu amene wafika pomwa soda kapena chidulo tsiku lililonse wafika poyenera kuonana ndi a chipatala.

Mankhwala oyenera alipo. Pali mapiritsi otafuna amene amazima asidi mwamsanga koma kwa nthawi yochepa. Palinso omeprazole, amene amachepetsa kapangidwe ka asidi m'chifu. Ameneyu amagwira bwino ntchito akamwedwa m'mawa, mphindi 30 kapena ola limodzi munthu asanadye, tsiku ndi tsiku kwa masabata 4 mpaka 8 monga anenera namwino. Moto wa pamtima umazima m'masiku ochepa, koma chifuwa ndi kusasa mawu zimachedwa, zimatha kutenga miyezi iwiri kapena itatu. Ngati nthawi imeneyi yatha popanda kusintha, ndiye kuti gwero lili kwina ndipo kupitiriza kumwa n'kosathandiza. Amene akumwa mankhwala a HIV kapena a chifuwa chachikulu anene zimenezi asanalandire mankhwala a chilungulira, chifukwa ena amalimbana m'thupi ndipo amafuna kusiyanitsa nthawi yomwera. Piritsi la ranitidine, limene kale linali lotchuka, linachotsedwa m'maiko ambiri mu 2020 atapezamo kanthu kokayikitsa kuti kangayambitse khansa. Wolipeza pa tebulo la pamsika alisiye pomwepo.

Komabe gawo lalikulu la machiritso lili m'manja mwa banja. M'midzi yambiri chakudya chachikulu ndi cha usiku. Munthu amene wakhala kumunda kapena m'chigafa cha fodya tsiku lonse amadya nsima yambiri nthawi imodzi, n'kusamba m'manja, n'kupita pamphasa. Mimba yodzaza ikagonekedwa, madzi ake amayenderera ngati a m'chidebe chopendeka. Wodwala chilungulira adye dzuwa likangolowa, papite maola awiri kapena atatu asanagone, ndipo agawe chakudya chake kuti adye pang'ono kangapo. Ogona pabedi aike njerwa kunsi kwa miyendo ya kumutu kuti ikwere masentimita 15 kapena 20. Ogona pamphasa aike bulangete lopinda kapena thumba la makoko kunsi kwa mphasa kuti thupi likwere kuyambira m'chiuno. Kuunjika zotsamira pansi pa mutu pokha sikuthandiza, chifukwa kumapinda mimba. Kugonera kumanzere kumachepetsa kukwera kwa asidi kusiyana ndi kugonera kumanja, malinga ndi mmene chifu chinakhalira m'thupi.

Mowa ndi fodya zimafooketsa mnofu womanga uja, ndipo zonse ziwiri zimapsereza kukhosi pazokha. Zakudya zamafuta ambiri monga tchipisi, mandasi ndi nyama ya nkhumba yonona zimachedwa kuchoka m'chifu. Tsabola, matimati, anyezi, khofi ndi zakumwa za gasi zimavuta anthu ena koma ena ayi, choncho munthu aone chimene chimamuputa iyeyo m'malo mosala zonse n'kuwonda ndi njala. Lamba wothina, chitenje chomanga kwambiri pamimba, kulima chowerama kapena kusenza katundu atangotha kudya, zonsezi zimafinya chifu. Amene thupi lawo lakula pamimba amapeza mpumulo akachepetsako.

Amayi oyembekezera amamva chilungulira kwambiri, makamaka miyezi yomaliza, chifukwa mwana amakankha chifu ndipo minofu imakhala yomasuka. Nthawi zambiri chimatha akachira. Anene ku sikelo kuti apatsidwe mankhwala oyenera. Makanda nawo amabweza mkaka, ndipo ambiri amasiya akamakwanitsa chaka. Mwana anyamulidwe choimirira paphewa akatha kuyamwa, koma pogona agonekedwe chagada pamalo osalala. Malangizo okweza kumutu ndi kugonera kumanzere ndi a akuluakulu okha. Khanda limene silikukwera sikelo, limabanika poyamwa kapena likusanza mothamanga lipite kuchipatala msanga.

Zizindikiro zosadikira mawa

Pali zizindikiro zimene siziyenera kuyesedwa chilungulira wamba. Nsima ikayamba kuima pakhosi kapena pachifuwa, munthu n'kusamukira ku phala, kenaka phala nalo n'kuyamba kuvuta, apite kuchipatala sabata yomweyo n'kupempha kalata yopita ku chipatala chachikulu. Malawi ndi Mozambique ali m'gulu la maiko amene khansa ya kummero imapezeka kwambiri padziko lonse. Mtundu umene umapezeka kuno kwenikweni suchokera ku chilungulira, umagwirizana kwambiri ndi mowa, fodya, utsi ndi zakumwa zotentha kwambiri, koma poyamba umatha kubisala kuseri kwa dzina la chilungulira, ndipo ambiri amafika kuchipatala mochedwa. Kusanza magazi, chimbudzi chakuda ngati phula, kuwonda kosadziwika chifukwa, kuchepa magazi, ndi mawu amene asasa kupitirira masabata atatu osayera, zonsezi ndi za kuchipatala. Ululu wofinya pachifuwa umene ukufika ku dzanja lamanzere kapena ku chibwano, pamodzi ndi thukuta ndi befu, ungakhale wa mtima, ndipo umenewo ndi wa ola lomwelo. Kwa amene ali ndi HIV, kupweteka pomeza pamodzi ndi zoyera mkamwa ndi matenda ena amene ali ndi mankhwala ake.

Chifuwa chosatha chapasula mabanja. Mwamuna akatsokomola miyezi itatu, amalume ake amayamba kufunsa za tsempho, ndipo mkazi ndiye amaimbidwa mlandu wothira mchere m'ndiwo pa nthawi yosayenera. Mkazi akatsokomola, anzake a pachitsime amanong'onezana za matenda a masiku ano, ndipo iye amabisala m'nyumba m'malo mopita kukayezetsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nkhani za mwambo zili ndi eni ake, koma bwalo lisakhale wodwala asanapereke makhololo ndi kufotokoza matenda ake kwa namwino. Ndi chinthu chomvetsa chisoni kuti banja lithe chifukwa cha matenda amene njerwa ziwiri, kudya msanga ndi mapiritsi a masabata ochepa zikanachepetsa.

Udindo uli pa anthu angapo. Anamwino, ngakhale mzere utalike chotani, asamalize ndi mawu akuti makhololo ali bwino. Mafunso atatu okha, ngati chifuwa chimakula usiku, ngati mkamwa mumabwera madzi owawasa, ndi ngati chakudya chimatsika bwino, angathe kulozera njira. Alangizi a zaumoyo a m'midzi, amene amayenda khomo ndi khomo kufunafuna otsokomola, abwererenso kwa amene sanapezeke ndi chifuwa chachikulu kukaona ngati achira. Akuluakulu a zaumoyo m'maboma aonetsetse kuti mankhwala a chilungulira ndi opopera a mphumu akufika m'zipatala zakutali, chifukwa shelefu ikakhala yopanda kanthu ndi pamene wogulitsa pamsika amasanduka dotolo. Asing'anga, amene bungwe lawo la AMETRAMO limagwirizana ndi a zaumoyo potumiza odwala, asasunge munthu wotsokomola kapena wolephera kumeza. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo anene pamisonkhano kuti kuyezetsa si manyazi.

Kwa banja lililonse ndondomeko yake ndi yosavuta kuisunga. Chifuwa chikakwana masabata awiri, makhololo apite kuchipatala. Akapezeka abwino koma chifuwa chikadalipo, wodwala abwererenso ndi mapepala ake n'kukanena za m'mimba momwe. Chakudya chikayamba kuima pakhosi, ulendo ukhale wa sabata yomweyo. Ndalama ya fodya ndi mbatatesi imabwera kamodzi pachaka, ndipo si yoyenera kuthera pa makapisozi ochiza matenda amene munthu alibe.